Mlenje wa pambale: dzina n'la bwana, thukuta n'la ena

Abale anga a mumsika, inu amene mumagulitsa mbale, mapoto ndi makapu mukudziwa kale kuti mbale zili m'magulumagulu. Ilipo mbale ya ana, ilipo ya alendo, ndiye ilipo ina ija imangokhala m'kabati ya galasi pabalaza, yosalawa nsima chaka chonse, ntchito yake n'kuuza aliyense wolowa m'nyumbamo kuti muno mumakhala anthu a ndalama zawo. Lero ndafuna ticheze za mbale ya gulu lachitatuli, koma yakutali, ku dziko la Turkey, yomwe idasulidwa zaka zoposa 3,200 zapitazo. Ine ndaiyang'ana pazithunzi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse imandisiya ndi funso limodzi: kodi pa ulemu wonse uli pambalepa, wolandira ndani, nanga wokhetsa thukuta adali ndani?

Mbaleyi idapezeka m'chaka cha 1990. Anthu ankamanga damu pafupi ndi mudzi wa Kınık, m'chigawo cha Kastamonu kumpoto kwa Turkey, ndipo ali mkati mokumba adavundukula mulu wa ziwiya zamkuwa. Zina zidali zikho zomwera zosulidwa ngati mutu wa ng'ombe yamphongo. Koma chomwe chidakopa akatswiri ofukula zakale ndi kambale kamodzi kolowa, kosaposa mbale ya ndiwo ya pabanja, kodzaza ndi zithunzi za nyama ndi alenje kuzungulira konse, ndipo chakumlomo kwake kuli malembo. Mkuwa wake ndi uja amati bulonzi, wosakaniza kopa ndi tini. Eni ake adali Ahiti.

Dzina loti Ahiti si lachilendo kwa inu opita kutchalitchi. Mukumkumbukira Uriya Mhiti, mwamuna wa Bateseba, yemwe Davide adamuphetsa kunkhondo. Koma pomwe Uriya ankabadwa n'kuti ufumu waukulu wa Ahiti utagwa kale. Ufumuwo udali pakati pa dziko lomwe lero ndi Turkey, likulu lake lidali Hattusa, ndipo udakhalapo kuyambira cha m'ma 1650 mpaka cha m'ma 1180 Yesu asanabadwe. Sadali anthu ochepera kaba. Cha m'ma 1274 BC adalimbana ndi Farao Ramesses II wa ku Iguputo pa nkhondo ya ku Kadesh, ndipo patapita zaka ngati 15 mbali ziwirizi zidalemberana pangano la mtendere lomwe chifanizo chake chidapachikidwa ku likulu la United Nations ku New York. Dziko lidawaiwala anthuwa kwa zaka zikwi zitatu, mpaka pomwe Hugo Winckler ndi Theodor Makridi adayamba kufukula mabwinja a Hattusa mu 1906, n'kupeza mapale adothi zikwizikwi olembedwapo. Mu 1915 Bedřich Hrozný adatulukira kawerengedwe ka chilankhulo chawo. Nchifukwa chake lero titha kudziwa mitengo ya katundu wawo, malamulo awo, ngakhale madandaulo awo.

Tsopano tiyeni tiione mbaleyo. Zithunzi zake zidandandalikidwa m'mizere yozungulira. Chapansi pali zilombo za m'maganizo, thupi la mkango koma mutu ndi mapiko za mbalame, zitaima uku ndi uku kwa mtengo. Pamwamba pake pali mikango ikulimbana ndi ng'ombe zamphongo, komanso munthu ali ndi mkondo akulasa nguluwe. Ndiye mzere wapamwamba ndi umene uli ndi nkhani. Pali mlenje wakoka uta, kutsogolo kwake kuli mbuzi zam'tchire ndi mbawala zikuluzikulu za kumeneko, zija nyanga zake zimachita nthambi ngati mtengo. Zina zalasidwa kale. Koma pafupi ndi mlenjeyo pali mbawala ina yomangidwa chingwe, yosathawa. Imeneyo ndi yoweta, yophunzitsidwa. Ntchito yake n'kuima poyera kuti zinzake zam'tchire ziyandikire, zikayandikira mivi n'kuyamba kugwa. Nyambo yamoyo, eti.

Malembo a kumlomo kwa mbale akunena kuti mbaleyi adaipereka kwa mulungu wake munthu wina dzina lake Taprammi. Malembo ake ndi a tizithunzi, ndipo chondiseketsa ine n'choti dzina la mkuluyu limayamba ndi chithunzi cha kalulu, poti m'kalembedwe kawo kalulu ndiye ankaimira mawu oyamba a dzinalo. Ife a kuno tikamva za kalulu timadziwa kuti pali wina wapusitsidwa. Taprammi sadali mfumu, adali nduna ya kunyumba ya mfumu m'zaka za m'ma 1200 BC. Dzina lake lidapezekanso pamwala wosema ku Hattusa, ndipo chidindo chake chidapezeka kutali kwambiri, ku Ugarit, mzinda wa padoko m'mbali mwa nyanja ku Syria. Kumeneko kuli phale lolembedwa kuti mfumukazi ya ku Ugarit idalipira masekeli 70 a siliva kwa Taprammi powombola kapolo. Mwaona mtundu wa munthu wake? Wa chidindo, wa milandu, wa malonda a anthu anzake, woyenda pakati pa nyumba za mafumu. Koma atafuna kudzionetsa pamaso pa mulungu wake, sadajambulitse chidindo kapena sikelo ya siliva. Adajambulitsa ulenje.

Mwina wina anena kuti aaa, anthu akale ankadya nyama yam'tchire, nanga akadajambula chiyani? Ayi ndithu. Mafupa omwe akatswiri adatola m'mabwinja a Hattusa akusonyeza kuti nyama yomwe inkadyedwa mumzindamo kwambiri idali ya ng'ombe, nkhosa, mbuzi ndi nkhumba zoweta. Ya m'tchire idali yochepa zedi. Ahiti adali alimi a tirigu ndi barele, oweta ziweto. Munthu wamba ankadzukira kumunda ndi kudambo. Kupita kumapiri ndi agalu, mivi ndi gulu la anyamata kukasaka mbawala kudali kwa amene ali ndi nthawi, ndipo nthawi ndi katundu wodula amene wosauka sakhala naye.

Khalidweli lidayamba kale Taprammi asanabadwe. Cha m'ma 1700 BC kudali mfumu ina dzina lake Anitta ku mzinda wa Nesa, womwe umatchedwanso Kanesh, lero amati Kültepe. Nkhani ya mfumuyi ndi imodzi mwa zolembedwa zakale kwambiri m'chilankhulo cha Ahiti. M'menemo, ikatha kuwerenga mizinda yomwe idagonjetsa ndi nyumba za milungu zomwe idamanga, ikudzitamanso kuti idapita kosaka n'kubwera ndi mikango iwiri, nguluwe 70 ndi zilombo zina zambiri kumzinda kwake. Kugonjetsa mzinda ndi kugonjetsa mkango adaziika pamndandanda umodzi. Ku Kültepe komweko kudapezeka nsonga ya mkondo ya bulonzi yolembedwa kuti ndi ya kunyumba yachifumu ya Anitta. Uthenga wake ngwomveka: amene atha kugwira chilombo chomwe chimakuopsani usiku, ameneyo ndiye woyenera kukulamulirani usana.

Kenaka nkhaniyi idalowanso chipembedzo. Ahiti adali ndi milungu yambiri, okha ankati milungu chikwi, ndipo mmodzi mwa iyo adali mulungu wa tchire, mwini nyama zonse, yemwe ankamujambula ataimirira pamsana pa mbawala. Ku Metropolitan Museum of Art ku New York kuli chikho cha Ahiti cha siliva chosulidwa ngati mbawala yogwada. M'khosi mwake muli chithunzi cha mulungu ameneyu ali pambawala yake, mbalame yolusa ili pamkono, anthu akumuthirira nsembe. Pambali pali mbawala yakufa pansi pa mtengo, mikondo iwiri yozikika, phodo la mivi ndi thumba lachikopa la mlenje zili pomwepo. Thumba limenelo, lomwe ankalitcha kursa, ankalisunga m'nyumba ya milungu n'kumalipatsa nsembe ngati mulungu. Taganizani, thumba la mlenje kumalandira nsembe!

Mfumu Tudhaliya IV, yomwe idalamulira kuyambira cha m'ma 1237 BC, m'nyengo imodzimodzi ndi Taprammi, idamukonda kwambiri mulungu wa mbawalayu. Pali mapale a mwambo wa nsembe omwe akutchula mapiri osiyanasiyana komwe mfumuyi inkasaka. Apa mpomwe ine ndimamvetsa chomwe Taprammi ankachita. Bwana wamkulu akakonda chinthu, onse omuzungulira amachikonda. Mfumu ikakhala mlenje, nduna nazo zimasanduka alenje, ngakhale pambale pokha. Posulitsa mbale ya ulenje n'kulembapo dzina lake, Taprammi ankalankhula kwa mulungu, inde, koma ankalankhulanso kwa aliyense woiona mbaleyo kuti ine ndine wa gulu lija limakwera mapiri ndi mfumu.

Ngakhale miyala ikunena zomwezo. Pa chipata cha mzinda wakale wa Alaca Höyük, pafupi ndi Hattusa, padasemedwa mlenje atagwada akulasa nguluwe, mbawala yanyambo, komanso munthu akubaya mkango agalu akumuthandiza. Adaziika pachipata dala, pomwe mlimi aliyense wolowa ndi dengu lake ankadutsa. Pamalo omwewo, m'manda a mafumu omwe adayamba kufukulidwa mu 1935, mudapezeka timbawala ndi ting'ombe ta bulonzi tomwe adaika pamodzi ndi mitembo ya anthu apamwamba zaka ngati 1,000 Taprammi asanabadwe, Ahiti asanayambe n'kulamulira komwe. Chifanizo chachikulu cha chimodzi mwa zinthuzi chaima pamsewu mumzinda wa Ankara kuyambira mu 1978. Choncho m'dziko limenelo mbawala ya mkuwa ndi ukulu zidayendera limodzi kuyambira makedzana.

Koma ine chimandivuta pambalepa ndi amene palibe. Ndili mwana kwathu kumudzi ndidapitako ku uzimba, nthawi ya chilimwe tchire litauma. Amene adapitako akudziwa kuti uzimba ndi khamu. Ife anyamata tinkatumidwa kutsidya kukakuwa ndi kumenya zitsamba kuti nyama zithawire komwe kuli akuluakulu a mauta ndi nthungo. Minga idali yathu, ludzu lathu, phulusa la lupsa m'maso lathu. Pobwerera ndife tinkasenza. Kufika kumudzi, mwendo unkapita kwa amfumu, dzina linkapita kwa amene walasa, ife tinkapatsidwa zam'mimba n'kumakondwa. Ndiye ndikaona mlenje wa pambale ya Taprammi ali ndi uta wake pakati pa nyama zambirimbiri, ndimaseka, chifukwa ndikudziwa kuti kuseri kwa phirilo kudali anthu okuwa, ogwira agalu ndi osenza. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pambalepo anthu amenewa sadapatsidwe malo.

Ndipo poti inu ndinu anthu a mitengo, tiyeni tiwerengere limodzi. Ahiti adasiya malamulo pafupifupi 200 olembedwa pamapale, ndipo ena mwa iwo ndi a mitengo ndi chindapusa. Nkhosa imodzi idali sekeli imodzi ya siliva. Ng'ombe yolima idali masekeli 12. Tsopano mverani izi: munthu akapha galu wa mlenje ankalipira masekeli 12. Galu mmodzi, mtengo wa ng'ombe yolima! Galu wamba wapakhomo adali sekeli imodzi basi. Galu wa mbusa yekha ndiye ankaposa, masekeli 20, poti ankateteza chuma. Malamulo omwewo akunena kuti woba mbawala yophunzitsidwa mlandu wake ngofanana ndi woba ng'ombe yolima. Ndiye kuti mbawala ya chingwe ija ili pambale idalikodi, ndipo padali munthu amene adaigwira ili mwana, kuidyetsa, kuizoloweza fungo la anthu kwa miyezi ndi miyezi kufikira itasiya kuthawa. Luso lonse la ulenjewo lidali m'manja mwa munthu ameneyo. Bwana ankangofika n'kukoka uta.

Nanga mkuwawo? Kopa ankapezeka m'mapiri a dziko lomwelo, koma kopa payekha ngofewa. Kuti alimbe, awale ngati golide, amafuna tini, pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi, ndipo tini ndi wosowa. Apa mpomwe anzanu a geni akulowera m'nkhaniyi. Pakati pa 1950 ndi 1750 BC, amalonda a mumzinda wa Assur, komwe lero ndi Iraq, ankanyamula tini ndi nsalu pa abulu ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000, masabata ngati asanu ndi limodzi, kukagulitsa ku Kanesh, kwawo kwa Anitta kuja. Pobwerera ankatenga siliva ndi golide. M'nyumba zawo ku Kanesh mwapezeka mapale oposa 20,000: makalata, ngongole, mapangano. Mukadawawerenga mukadati alemba ndinu. Wina akudandaula kuti mitengo yagwa, wina akulonjerera mnzake wosabweza ngongole, wina akupangana ndi anyamata ake zodzera njira yachidule kuti azembe msonkho. Azimayi otsala ku Assur, omwe ankaluka nsaluzo, akulembera amuna awo kufunsa kuti siliva wa nsalu zanga ali kuti, kuno ana alibe chakudya.

M'nthawi ya Taprammi malonda a abulu a ku Assur aja adali atatha kale, ndipo zitsulo zambiri zinkayenda m'manja mwa nyumba zachifumu, zina pa zombo. Mu 1982 kudapezeka chombo chomwe chidamira cha m'ma 1300 BC ku Uluburun, kugombe la kumwera kwa Turkey. Mudali matani 10 a kopa ndi tani imodzi ya tini, muyezo weniweni wosulira bulonzi. Amalinyero ake katunduyo sadafike naye. Mafumu a Ahiti ankadziwa kuti popanda anthu oyenda ndi katundu palibe mkondo, palibe mbale, nchifukwa chake lamulo lawo lidati wopha wamalonda alipire masekeli 4,000 a siliva. Werengani nokha kuti ndi ng'ombe zolima zingati: zoposa 300. Wamalonda adali wamtengo wapatali m'malamulo, koma pambale ya bwana sadajambulidwe.

Watsala mmodzi, amene ine ndimamuganizira koposa onse: wosula. Munthu adatenga chigamba cha bulonzi, kuchiotcha, kuchisula mpaka chitapyapyala, ndiye n'kuyamba kukhoma pang'onopang'ono ndi tizitsulo tating'ono kuti nyanga iliyonse, mwendo uliwonse, muvi uliwonse utukuke. Kuphonya kamodzi, mbale yaboola, tini wodula uja wapita. Munthu ameneyu ankazidziwa nyama, ankadziwa m'mene nguluwe imaweramitsira mutu ikafuna kuluma. Malamulo a Ahiti akusonyeza kuti osula ankalipidwa ndi mbewu, miyezo ya tirigu kapena barele malinga ndi kulemera kwa chomwe asula. Adadya tirigu wakeyo, adamwalira, dzina lake lidapita naye. Pambale yomwe manja ake adapanga padalembedwa dzina la amene adalipira. Inu amene mumakhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa msika, ndi angati mwa makasitomala anu amene akudziwa dzina lanu?

Mapeto a nkhaniyi ngomvetsa chisoni. M'zaka zomwezo akuluakulu ankadzijambulitsa ndi mauta, makalata ochokera ku Hattusa adayamba kulira njala. Farao Merneptah, yemwe adayamba kulamulira Iguputo mu 1213 BC, adalembetsa pakhoma ku Karnak kuti adatumiza zombo za tirigu kuti dziko la Ahiti likhale ndi moyo. Ku Ugarit kudapezeka kalata yochokera kwa mfumu ya Ahiti yolamula kuti chombo cha tirigu chinyamuke msanga chifukwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mu 2023 akatswiri atapima mitengo yakale yomwe idafukulidwa ku Gordion, ku Turkey komweko, adapeza kuti kudagwa chilala choopsa zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1198 mpaka 1196 BC. Padalinso nkhondo ndi mikangano ya m'banja lachifumu. Pofika cha m'ma 1180 BC, Hattusa adali bwinja. Mikango yonse ija adaigonjetsa pamiyala ndi pamkuwa, koma mvula idawakana, ndipo nkhokwe zitauma panalibe uta womwe ukadathandiza.

Sindikunena kuti Taprammi adali munthu woipa kuposa anzake, kapena kuti mbale yake njosakongola. Njokongola zedi, ndipo chikhala kuti iye sadatulutse siliva wake, bwenzi luso la wosula uja litatayika osaonedwa ndi munthu. Chomwe ndikunena n'choti chinthu chodula chomwe munthu wamkulu amaonetsa chimakhala ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi imene mwini wake akufuna muimve: ndine wamphamvu, ndili pafupi ndi mfumu, milungu ikundidziwa. Yachiwiri njobisika, imafuna munthu wodziwa mitengo ya zinthu kuti aiwerenge: tini uyu adasenza ndani, galu uyu adadyetsa ndani, nanga wokhoma adalandira zingati. Anthu ambiri amaima pa nkhani yoyamba n'kuomba m'manja. Inu a mumsika muli ndi mwayi, chifukwa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku ndiyo kufunsa kuti katunduyu wachokera kuti, wadzera m'manja mwa yani, ndipo aliyense wadyapo zingati.

Mapale a ku Kanesh aja amanditonthoza pang'ono. Amalonda aja sadasulitse mbale za ulenje, ankangolemba ngongole zawo ndi madandaulo awo padothi, chinthu chotchipa kuposa zonse. Koma nyumba zawo zitapsa, moto udaumitsa dothilo, ndipo lero akatswiri akudziwa mayina awo mazanamazana, a akazi awo ndi ana awo omwe, pomwe mafumu ena a nthawi yawo adaiwalika. Ndiye kabuku kanu ka ngongole kaja musakanyoze.